Musalipake mafuta dzina la Kennedy

Mwana wa mlongo wanga ndi woyembekezera, ndipo ku sikani anamuuza kuti akudza ndi wamkazi. Masiku apitawa ananditumizira uthenga pa WhatsApp usiku ndithu. "Amalume, ine ndi bambo ake tagwirizana kuti mwanayu adzakhale Kennedy. Apongozi akuti limenelo ndi dzina lachimuna. Mayi wina kutchalitchi wandiuza kuti tanthauzo lake ndi loipa, ndingamutemberere nalo mwana. Koma pa intaneti alemba kuti ndi mfumu yovala chisoti cha nkhondo. Zoona n'ziti, amalume?"

Ndinamuyankha mwachidule usiku womwewo, koma funso lake landikhala m'mutu, chifukwa si iye yekha amene amatenga foni kukafunsa tanthauzo la dzina n'kupatsidwa yankho lothira shuga. Maganizo anga ndi akuti dzinali ndi labwino kumutcha mwana, wamwamuna kapena wamkazi, koma kholo lilitenge ndi mbiri yake yonse, ndi mbali yomwe ija imene olemba mindandanda ya mayina a makanda amakonda kuibisa.

Tiyambe ndi kwawo kwa dzinali. Ku Ireland, Kennedy si dzina limene mwana amapatsidwa akabadwa. Ndi mfunda, monga Phiri, Banda kapena Mwale kuno. M'chinenero cha eni dziko amalilemba Ó Cinnéide, ndipo kachilembo ka Ó kutsogoloko kamatanthauza mdzukulu, kapena kuti wa mbumba ya uje. Mnzake wa Ó ndi Mac, kutanthauza mwana wamwamuna wa uje. Mkazi satchedwa Ó koma Ní, ndiye mtsikana wa banja limeneli amakhala Ní Chinnéide, zimene kwa ife si zachilendo konse, ife amene timati Naphiri ndi Nabanda. Anthu a ku Ireland ali m'gulu la oyamba ku Ulaya konse kukhala ndi mayina a mtundu opatsirana kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo chizolowezichi chinazika mizu cha m'zaka za m'ma 900 ndi 1000.

Kennedy wodziwika woyamba anali Cennétig mac Lorcáin, mfumu ya fuko la Dál gCais, cha m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, kumene lero ndi dera la Clare. Anamwalira mu 951. Iyeyu ndiye bambo wa Brian Boru, mfumu imene mwana wasukulu aliyense ku Ireland amaidziwa, imene inakhala mfumu yaikulu ya chilumba chonse mu 1002 n'kuphedwa pa nkhondo ya ku Clontarf, pafupi ndi Dublin, Lachisanu Loyera mu 1014. Mbumba ya Brian ndiyo inakhala a O'Brien. A O'Kennedy anachokera kwa mbale wake wa Brian, Donnchuan, ndipo pambuyo pake anawoloka Shannon kukakhazikika kumpoto kwa Tipperary, m'dera la Ormond, kumene analamulira zaka mazana angapo. Anachulukana mpaka kugawika nthambi zitatu zimene ankazisiyanitsa ndi mitundu: Fionn oyera, Donn ofiirira, ndi Ruadh ofiira. Ku Scotland kulinso a Kennedy awoawo, a m'dera la Carrick ku Ayrshire, koma amenewo ndi nkhani ina.

Tsono tanthauzo. Gawo loyamba la dzinali palibe amene amatsutsa: ceann ndi mutu. Mkangano uli pa gawo lachiwiri. Ambiri mwa odziwa chinenero chakale cha ku Ireland amati likuchokera ku liwu loti éidigh, kutanthauza chonyansa, chosaoneka bwino. Ndiye kuti Cennétig ndi "mutu wonyansa" kapena "mutu wosaumbika bwino". Ena amaligwirizanitsa ndi éide, chovala cha nkhondo, n'kumati ndi "mutu wovala chisoti". Matanthauzo onsewa amapezeka m'mabuku. Chimene chimandikwiyitsa n'choti masamba ambiri a pa intaneti opangira makolo oyembekezera amasankha lachisotilo, n'kuliwonjezera ufumu pamwamba, lina lija osalitchula n'komwe kapena kulikankhira kumapeto m'timalemba ting'onoting'ono. Akudziwa kuti mayi amene ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri safuna kumva za mutu wonyansa. Akumugulitsa chikomekome cha mkuyu.

N'chifukwa chiyani ndikuti kubisako n'kulakwa, pomwe cholinga chake n'kusangalatsa kholo? Chifukwa choyamba n'chapafupi. Mwanayo adzakula, adzakhala ndi foni yake, ndipo tsiku lina mnzake wa m'kalasi adzamuwerengera mokweza zimene makolo ake sanamuuze. Ndi bwino adzazimvere kunyumba, kwa anthu omukonda, pamodzi ndi nkhani ya mwini dzina.

Chifukwa chachiwiri ndicho chenicheni. Kubisa tanthauzo kumavomereza ganizo limene ine ndimalikana, loti liwu limene lili m'dzina limalamulira moyo wa mwini wake. Taonani munthu amene ankatchedwa mutu wonyansayo. Anatenga kafuko kamene sikankawerengedwa pakati pa mafumu akuluakulu a chigawo cha Munster n'kukakweza. Mwana wake Mathgamain anakhala mfumu ya Munster, ndipo ataphedwa mu 976 mpando anautenga mng'ono wake Brian, amene anafika pamwamba penipeni. Ngati dzinalo linali temberero, ndiye linali temberero lofooka kwambiri. Akuluakulu athu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo zikuoneka kuti Cennétig nyimbo yake ankaidziwa.

Komanso anthu olankhula zinenero zimenezi sankachita manyazi ndi mayina otere. Cameron, limene makolo ambiri amalikonda lero, ndi la ku Scotland ndipo limamasuliridwa kuti mphuno yokhota. Campbell ndi kamwa yokhota. Anali mayina ongomupatsa munthu anzake poona maonekedwe ake, kenaka n'kukakamira, ana n'kulitenga, adzukulu n'kulinyadira. Ife tikudabwa chiyani? Kumudzi kwathu kuli a Mavuto amene anamanga nyumba zamalata, a Misozi amene amaseka kuposa tonse, a Masiye amene ali ndi adzukulu odzaza bwalo. Mayina amenewa ankanena zimene banja linkadutsamo pamene mwana ankabadwa. Sanali kulosera za m'tsogolo mwake. Masiku ano kwabuka chiphunzitso m'mapemphero ena choti munthu asinthe dzina kuti amasuke, ndipo ndaonapo anthu akuluakulu akutaya dzina limene agogo awo anawatcha misozi ili m'maso, ngati kuti gogoyo anali mdani. Zimandipweteka. Mayi wa kutchalitchi uja amene anaopseza mwana wa mlongo wanga sanali ndi mtima woipa, koma anamwa madzi a pachitsime chimenecho.

Funso lofunika kwambiri si lakuti liwuli linkatanthauza chiyani mu 951. N'lakuti linayenda bwanji kuchoka m'mbali mwa Shannon mpaka kufika m'kaundula wa sukulu ya pulaimale ku Dedza kapena ku Chipata, ndiponso chimene anthu ankatanthauza polipereka. Apa mpamene nkhani ikukoma.

Poyamba dzinali linavulidwa chovala chake. Ulamuliro wa Angerezi utakhwima ku Ireland, makamaka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, mabanja ambiri anataya Ó ndi Mac, ndipo alembi a boma ankalemba mayina monga momwe khutu lachingerezi linkamvera. Ó Cinnéide anasanduka Kennedy, Ó Ceallaigh anasanduka Kelly, Ó Cuinn anasanduka Quinn. Aliyense amene agogo ake analembedwa dzina lopotoka ndi kalaliki wa ku Wenela kapena wa ku mishoni adziwa momwe zimenezi zimachitikira. Pamene bungwe la Gaelic League linayamba mu 1893 kulimbikitsa chinenero cha makolo, mabanja ena anabwezeretsa O wawo, koma a Kennedy ambiri anangokhala choncho.

Kenaka kunabwera njala. Kuyambira mu 1845 chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, yomweyi imene kumsika timaitcha ailishi, ndipo inali chakudya chachikulu cha anthu osauka kumeneko. Pofika mu 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa, ndipo oposa 1 miliyoni anali atathawa m'dzikomo. Mwa amene anakwera zombo m'zaka zimenezo munali mnyamata wa ku Dunganstown, pafupi ndi New Ross m'dera la Wexford, dzina lake Patrick Kennedy. Anafika ku Boston mu 1849, n'kumagwira ntchito yopanga migolo yamatabwa. Sanalemere. Anamwalira ali wachinyamata pa 22 November 1858, n'kusiya mkazi wake Bridget Murphy ndi ana ang'onoang'ono. Bridget ndiye analera banjalo ndi manja ake, kugwira ntchito m'nyumba za anthu mpaka kudzakhala ndi kagolosale kake. Anthu akamatchula banja la Kennedy amathamangira ndalama ndi nyumba zikuluzikulu, koma kwa ine munthu woyenera kumukumbukira pomutcha mtsikana dzinali ndi mayi wamasiye ameneyu.

Mdzukulutuvi wa Patrick ndi Bridget ndiye John Fitzgerald Kennedy, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa America mu 1960 ali ndi zaka 43, Mkatolika woyamba pa mpandowo. Mu June 1963 anapita ku Dunganstown kukamwa tiyi ndi abale ake pabwalo la nyumba ya makolo. Miyezi isanu pambuyo pake anawomberedwa ku Dallas, pa 22 November 1963, tsiku lomwelo limene Patrick anamwalira zaka 105 m'mbuyomo.

Taonani dzina lake lapakati. Fitzgerald ndi mfunda wa mayi ake, Rose, mwana wa John F. Fitzgerald amene anali meya wa Boston. Chizolowezi chotenga mfunda n'kuusandutsa dzina la mwana chinayamba kalekale motere m'maiko olankhula Chingerezi: banja linkafuna kuti dzina la kuchikazi lisafe mkazi akakwatiwa. Kenaka anthu anayamba kutenga mfunda wa munthu amene si mbale wawo n'komwe, pongofuna kumulemekeza. Ndi mmene ku America kunadzalira ana otchedwa Washington, Lincoln ndi Jackson. Kunonso tinachitengera msanga. Kamuzu Banda anatenga dzina la Hastings kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings, ndipo a Wellington, a Nelson ndi a Clinton tili nawo m'midzi ndi m'matauni. Choncho Kennedy atafika, anapeza njira ili yolambula kale.

Anafika nthawi imene maiko athu ankalandira ufulu. Bungwe la Peace Corps limene iye anayambitsa mu 1961 linatumiza aphunzitsi ake oyamba ku Nyasaland mu 1963, ndipo ana asukulu ambiri anamva dzina la Kennedy kuchokera kwa aphunzitsi amenewa ndi pa wailesi. Mu 1960, asanakhale pulezidenti, thumba la banja lake linathandiza kulipirira ndege zotenga ophunzira a kum'mawa kwa Africa kupita ku makoleji a ku America, ntchito imene ankaitsogolera Tom Mboya wa ku Kenya. Mu June 1966 mng'ono wake wa pulezidentiyo, Robert Kennedy, anapita ku South Africa tsankho lili pachimake, n'kukacheza ndi Albert Luthuli, mtsogoleri wa chipani cha ANC, amene boma linamutsekera kwawo ku Groutville. Bambo amene anatcha mwana wake Kennedy m'zaka zimenezo sankaganiza za mutu, wonyansa kapena wachisoti. Ankanena kuti: mwanangayu akhale wophunzira, wolankhula molimba mtima, woonedwa ngati munthu pakati pa anthu. Limenelo ndilo tanthauzo lake kuno, ndipo ndi lenileni mofanana ndi la m'mabuku.

Dzinali linapitirira mpaka linaiwala mwini wake. Pa 12 February 2012 ku Libreville, goloboyi wa Chipolopolo Kennedy Mweene anagwira penate ya Kolo Touré, iyenso n'kumwetsa yake, Zambia n'kutenga chikho cha Africa pogonjetsa Ivory Coast 8-7 pamapenate. Mnyamata wobadwa ku Lusaka kapena ku Katete chaka chimenecho n'kutchedwa Kennedy, ndikukhulupirira kuti bambo ake ankaganiza za magolovesi a Mweene, osati za White House. Ku Brazil nakonso n'chimodzimodzi: amene anamwetsa chigoli chopatsa Fluminense chikho cha makalabu a ku South America cha Copa Libertadores mu 2023 dzina lake ndi John Kennedy, lonse lathunthu.

Nanga zoti ndi lachimuna? Apongozi aja sakunama, akunena zimene anaona. Kuno pafupifupi Kennedy aliyense amene tinakula naye ndi mwamuna. Ku America nakonso linayamba choncho, n'kuonekera pang'ono kwa anyamata m'zaka za m'ma 1960. Koma mu 1994, chaka chimene Jacqueline Kennedy Onassis, amene anali mkazi wa pulezidenti uja, anamwalira, linalowa pamndandanda wa boma wa mayina 1,000 otchuka a atsikana, ndipo linakwerabe mpaka m'zaka za m'ma 2010 linali m'gulu la mayina 100 oyambirira. Lero mwana wa ku America wotchedwa Kennedy nthawi zambiri ndi mtsikana. Linayenda limodzi ndi Riley, Cassidy ndi Delaney, mifunda ina ya ku Ireland yothera ndi kamvekedwe kofewa kamene makolo a kumeneko amakamva ngati kachikazi. Mwana wa mlongo wanga analitola kumeneko, m'mafilimu ndi pa TikTok, pomwe apongozi ake analimva pa wailesi zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Onse awiri akunena zoona za nthawi yawo. Ndipo ife amene timatcha Chikondi, Chisomo ndi Mphatso mwana wamwamuna ndi wamkazi yemwe, sitiyenera kuvutika ndi dzina loyenda mbali zonse.

Eni ake ku Ireland akupita kwina. Kumeneko Kennedy akadali mfunda, umodzi mwa yofala kwambiri, ndipo makolo achinyamata akubwerera ku mayina a chinenero chawo: Fiadh, Éabha, Rían, Oisín. Mu 2021 Fiadh ndilo linali dzina loyamba la atsikana m'dzikomo. Anthu amene makolo awo anakakamizika kuvula mayina awo akuwavalanso, pomwe dziko lonse likuthamangira zotsalira zachingerezi za mayina omwewo.

Pamenepa pali mfundo imene otsutsana nane angaigwiritse ntchito, ndipo ndi yamphamvu. Angati: ngati a ku Ireland akubwerera ku Fiadh, ife bwanji tikusiya Tadala ndi Takondwa n'kumatola mfunda wa eni? Ndimaimva mfundoyi, ndipo mbali ina ndimagwirizana nayo. Zimandimvetsa chisoni ndikaona kaundula wa kalasi yonse ya mkaka mutauni mulibe dzina limodzi lachichewa. Koma sindivomereza kuti mankhwala ake ndi kuletsa. Mayina amayenda ngati mbewu. Patrick weniweniyo, dzina limene timaliona ngati la ku Ireland kuposa ena onse, ndi lachilatini, ndipo mwini wake, Patrick Woyera amene anthu a ku Ireland amamulemekeza ngati nkhoswe ya dziko lawo, anachokera ku Britain. Kennedy wakhala nafe zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Ali pa ziphaso za aphunzitsi, pa malaisensi a madalaivala a minibasi, pa ziliza kumanda. Dzina limene talilirapo maliro silingakhalenso mlendo. Chimene ndimapempha n'choti lisabwere lokha. Mwana akhale ndi dzina lakwawo pambali pake, dzina limene agogo ake angalitchule osapunthwa lilime, limene likunena kanthu za nyumba imene wabadwiramo.

Palinso chenjezo lina limene ndiliona lolemera kuposa la mutu wonyansa, ndipo ili ndi limene masamba aja salitchula n'komwe. Ukatcha mwana mfunda wa banja lotchuka, watenga banjalo ndi katundu wake yense. A Kennedy sanali angelo. Pulezidenti yemweyo ndiye anavomereza chiwembu cholephera cholowera Cuba ku Bay of Pigs mu 1961. Mlongo wake Rosemary anachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1941 mwa lamulo la bambo awo, n'kulumala moyo wake wonse, banja n'kumubisa kutali kwa zaka zambiri. Mu 1969 mtsikana Mary Jo Kopechne anafera m'galimoto imene Edward Kennedy, mng'ono wake wina wa pulezidentiyo, ankayendetsa itagwera m'madzi ku Chappaquiddick, iye osakanena kupolisi mpaka kutacha. Koma m'banja lomwelo munatuluka Eunice, mlongo wake wina wa pulezidentiyo, amene poona za Rosemary anayambitsa masewera a Special Olympics mu 1968, amene lero ana olumala a kuno kwathu amachita nawo. Kholo lidziwe zonsezi, lisankhe kuti pa anthu onsewa ndi ndani amene likumukumbukira, ndipo lidzamuuze mwana.

Chomaliza ndi kalembedwe, ndipo apa sindichedwapo. Kwabwera fashoni yolemba Kennedi, Kenadi, Kennadee, poti mwana akhale wosiyana ndi ena. Dzinali linapotozedwa kale kamodzi ndi alembi a atsamunda. Kulipotozanso n'kungomusiyira mwana ntchito yokonzetsa satifiketi ya mayeso ndi chiphaso cha unzika moyo wake wonse.

Zonsezi ndinamulembera mwana wa mlongo wanga m'mawa mwake, m'mauthenga aataliatali. Ndinamuuza za Cennétig ndi mutu wake, za Bridget ndi kagolosale kake ku Boston, za Eunice ndi Rosemary. Anakhala chete tsiku lonse. Madzulo anayankha kuti, "Amalume, za mutuzo ndaseka, ndamuuzanso bambo ake. Koma za mayi wamasiye uja ndawerenga kawiri. Dzina silisintha." Ndinamufunsa za apongozi. Anati wawapempha kuti dzina lachiwiri adzatche iwo mchombo ukadzagwa, ndipo iwo ayankha kuti analisankha kale, koma sanena mpaka adzamuone mwanayo ndi maso.